Mwatseka, a Zulu?

Ana anga, mwakhala mukundiseka zaka zonsezi kuti atate anu satha kufunsa funso lalifupi. Wina akati wazimitsa mbaula, ine ndimafuna kudziwa kuti wazimitsa ndi chiyani, makala wawasiya pati, ndipo waona ndani. Esinati amati boma linataya wapolisi wabwino. Sekani ndithu, pakamwa ndi panu. Koma mutu uno muuwerenge mpaka kumapeto, chifukwa khalidwe limeneli sindinabadwe nalo. Ndinalitola ku fakitale ya thonje kumene ndinagwira ntchito moyo wanga wonse, ndipo linadza ndi misozi ya anthu ena.

Zaka zoyamba

Ndinalowa ntchito nditangomaliza fomu 3, ndikukhala kwa amalume ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Dzina la kampani sindilemba, chifukwa inasintha eni kangapo ndipo amene alipo lero sanalakwe kanthu. Anandiika ku gawo lokonza mbewu. Njere za thonje zikachoka m'makina zimakhala zidakali ndi ubweya, ndipo mlimi sangazibzale bwino zili choncho. Tsono ife tinkazithira mu mgolo waukulu wozungulira, n'kuthiramo asidi kuti atenthe ubweyawo, kenako n'kuzitsuka ndi madzi ndi laimu, n'kuziyanika. Asidiyo ankabwera pa lole n'kusungidwa mu thanki kuseri kwa nyumba. Pampu ya magetsi ndiyo inkamukoka, ndipo ankayenda mu paipi yodutsa pamwamba pa mitu yathu mpaka ku mgolo. Pomuona unkangoti ndi mafuta ophikira. Anzathu ankamutcha apongozi, chifukwa ulemu wake umaperekedwa uli patali.

Amene anandiphunzitsa kuopa apongoziwo anali a Zulu, makanika wathu, Mngoni wa ku Mtenguleni, wamtali, wosakonda kulankhula. Tsiku langa loyamba anandiitana, natola chidutswa cha saka, nadonthezapo kadontho kamodzi. Sakalo linada bii, n'kubooka ine ndili chipenyere. "Waona, mfana?" anatero. "Mu ofesi muja muli mabwana okuchotsa ntchito. Uyu ndi bwana wokuchotsa khungu. Akakugwera usafunse munthu, thamangira madzi, madzi ambiri, mpaka utope." Sukulu yanga yonse ya chitetezo inathera pamenepo, ndipo kunena zoona inali yabwino kuposa imene ena anapatsidwa.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Magolovesi a mphira tinkabwerekana anthu atatu, ndipo ukawavala pambuyo pa mnzako unkapeza thukuta lake lidakali lofunda. Maovololo ankabooka sabata ndi sabata. Amayi anu, titangokwatirana, anasoka zigamba mpaka anati nsalu yoyamba sakuionanso. Pakona panali shawa ya ngozi, yokoka ndi tcheni, koma paipi yake inadulidwa chaka china pokonza njira ya malole, ndipo palibe anakumbuka kuilumikiza. Tinkapachikapo majekete. Zonsezi a Sakala, maneja wathu, ankazidziwa, ndipo sindinganene kuti anali munthu woipa. Makalata opempha zipangizo ankalemba, a ku Lusaka n'kumayankha kuti dikirani. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere chinali china: masipanala. Zida zinkabedwa n'kukapezeka zikugulitsidwa pa msika, ndipo chilichonse chikasowa a Sakala ndiwo ankadzudzulidwa. Tsono anaika lamulo lakuti tsiku lililonse poweruka, kapitawo azifunsa makanika ngati watseka sitolo ya zida.

M'chaka chachisanu ndi chiwiri anandikweza kukhala kapitawo, ine mwana wadzulodzulo kuyang'anira a Zulu amene anandiphunzitsa. Mkuluyo sananyinyirike. Madzulo aliwonse pa geti ndinkati, "Mwatseka, a Zulu?" Iwo n'kuti, "Ndatseka." Basi. Zinafika pokhala ngati moni, moti anzathu ankatiyeserera kumbuyo, wina mawu anga opyapyala, wina mawu awo okhuthala. Zaka zisanu tinatsanzikana chotero, osaphonya.

Chaka cha khumi ndi chiwiri, mwezi wa Okutobala

Linali Lachitatu, kukutentha koopsa, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri. Nyengo imeneyo alimi amakhala akudikira mbewu, ndipo aliyense pa fakitale amayenda chothamanga. M'mawa magetsi anazima. Ine ndinati mpata ndi womwewu, chifukwa polumikizira paipi ya asidi, pamwamba penipeni pa swichi ya pampu, panali patayamba kudontha. "A Zulu, pakudontha paja onanipo magetsi asanabwere," ndinatero. Kunalibe pepala, kunalibe kusaina. Ntchito tinkapatsana ndi pakamwa, tikuyenda. A Zulu anakwera makwerero, nakhuthula asidi wotsala mu paipi, namasula mabauti, nachotsa gasiketi yakale, kamphira kamene kamatseka mpata pakati pa mapaipi awiri.

Cha m'ma leveni mlonda anandiitana ku geti. Panali bambo wina ndi njinga, fumbi mpaka m'nsidze, chipewa chili m'manja. Anali muphwa wa a Zulu. Neliya, mwana wawo woyamba, anali atamwalira m'mawa womwewo pobereka, pamodzi ndi khanda lomwe. Mukudziwa kuti uthenga wotere sitiuponya ngati mwala. Ndinakaima pansi pa makwerero n'kunena kuti, "A Zulu, tatsikani. Kumudzi matenda akula." Anasuzumira ku geti, naona muphwa wawo ndi chipewa m'manja. "Ndi Neliya?" anafunsa. Anatsika pang'onopang'ono, natola masipanala awo, nawapukuta imodziimodzi monga ankachitira masiku onse, nakawaika mu sitolo, nakhoma chitseko. Manja ankangogwira okha, mwini wake anali atafika kale ku Mtenguleni.

Ndinawapezera malo mu lole ya kampani imene inkapita ku Katete, n'kuwaperekeza ku geti. Tikuyenda, maganizo a paipi anandibwerera. Mumtima funso linali lathunthu: kodi mwamaliza, gasiketi yatsopano mwaikamo, mabauti mwamanga onse? Koma ana anga, tandiuzani, munthu wamkulu, mphunzitsi wako, mwana wake wangomwalira kumene, maso ali psuu, iwe n'kumuimika pa geti kumufunsa za mabauti? Ndinachita manyazi. Ndinaopa kuti anthu adzati Mbewe alibe umunthu, amakonda thonje kuposa anthu. Tsono funso lonse lija ndinalidula, n'kutsala ndi mawu amodzi. "Mwatseka, a Zulu?" Iwo, phazi lili kale pa sitepe ya lole, anati, "Ndatseka." Lole inanyamuka, ine mtima n'kukhala pansi.

Magetsi anabwera titangomaliza kudya. A Sakala anatulukira pakhomo la ofesi n'kukuwa kuti tikudikira chiyani, mvula ili pafupi. Ndinayang'ana m'mwamba, paipi inkaoneka yolumikizika bwinobwino. Makwerero anali pomwepo, ndikanakwera masitepe asanu ndi limodzi okha. Sindinakwere. Amene ankayendetsa pampu anali Saidi, bambo wa ana awiri, wa ku Kapata, mwana wa amalonda a nsalu amene makolo awo anachokera ku Malawi. Anali wanthabwala, m'mawa uliwonse podutsa pa thanki ankanjuta pang'ono n'kuipatsa moni. "Saidi, yatsa pampu," ndinatero. "Chabwino, a kapitawo, tiwadzutse apongozi," anayankha akuseka, n'kudina swichi.

Phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero: tsiii, ngati madzi pa chiwaya chamoto. Asidi anatuluka polumikizira paja n'kumwazikira pansi, ndipo pansipo panali Saidi. "Mayo! Mayo ine, ndapsa!" Ndinathamanga kukazimitsa magetsi onse pa bokosi lalikulu. Anzake anamukokera ku shawa, wina n'kukoka tcheni, koma kunangogwa majekete. Wina ankakuwa kuti musamuthire madzi apsa kwambiri, wina anathamanga kukafuna mafuta odzola. Ine ndinakalipa ngati wamisala kuti ndowa, bweretsani ndowa! Tinamung'ambira ovololo, n'kumukhazika pafupi ndi thanki ya madzi oyera, n'kumamuthira ndowa ndi ndowa kumaso, kukhosi, kumkono, mpaka mapewa athu anakana. Lole inali itapita ndi a Zulu. A Sakala anatulutsa galimoto yawo osapemphedwa, nayendetsa okha mpaka ku chipatala, Saidi akubuula kumbuyo mutu uli pa miyendo yanga. Madokotala anapulumutsa moyo wake. Diso lamanzere silinapulumuke, ndipo khosi ndi mkono wamanzere zinapsa mpaka mkati.

Sabata yomweyo

M'mawa mwake a Sakala anandiitana mu ofesi. Pa tebulo panali lipoti lotayipa kale. Linkati makanika anasiya ntchito pakati osauza munthu kuti paipi ndi yomasula, ndipo atafunsidwa ndi kapitawo anayankha kuti watseka. Pansi panali mzere wodikira dzina langa. "A Mbewe," anatero, maso atatupa, "musaganize kuti ndikudana naye mdala uja. Koma Lolemba kukubwera a ku Lusaka ndi insipekitala wa boma, ndipo akufuna dzina. Likapanda kukhala lake, likhala lanu kapena langa. Muli bodza m'pepala ili?" Ndinawerenga kawiri, bodza sindinalipeze. Ndivomereze kuti tsiku limenelo ndinali nditawakwiyira a Zulu. Ndinkati anandiyankha mwachisawawa pofuna kukwera lole. Koma ndinkadziwanso kuti anatsala ndi zaka zitatu kuti apume, ndipo kuchotsedwa pa mlandu wotere kunali kubwerera kumudzi chimanjamanja, ndi mbiri yakuti ndiye mkulu uja anatentha mwana wa eni ake n'kunama. Nthawi imeneyo dzina langa linali litatumizidwa kale kuti ndikwezedwe kuyang'anira fakitale yonse. A Sakala anandikumbutsa zimenezo mwaulemu kwambiri. Ndinapempha kuti ndisaine ndikabwera ku maliro.

Lachisanu tinapita ku Mtenguleni anthu asanu ndi mmodzi, titapangana m'njira kuti za Saidi tisatchule, mkuluyo katundu amene anali naye anali wokwana. Titabwera kumanda ndinapita kukawagwira chanza, atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anandigwira dzanja mwamphamvu osalisiya. "A Mbewe, Mulungu wakutumani," ananong'ona. Paja masiku amenewo mafoni a m'manja anali asanafike kumidzi. "Kuyambira dzulo ndikufuna munthu woti ndimutume, koma pano sandilola kusuntha. Pampu ija musayatse. Paipi ndinangoikoloweka pa mabauti awiri, gasiketi mulibe." Anandiyang'ana, nayang'ana anzanga amene anali atazolika. "Mwayatsa?" Ndinavomera ndi mutu. "Ndani?" Ndinati, "Saidi. Ali moyo, ali ku chipatala." Anafunsa kuti, "Nanga bwanji simunandifunse?" Ndinati, "Ndinakufunsani, atate. Pa geti. Ndinati mwatseka." Pamenepo anati, "Sitolo. Ine ndinamva sitolo." Munthu amene sanagwetse msozi poika mwana wake analira pamenepo mokweza, ndipo anthu a m'mudzi ankangoti chisoni cha Neliya chawapeza tsopano.

Loweruka ndinapita ku chipatala. Saidi anali atakulungidwa mabandeji, kukungooneka diso limodzi ndi pakamwa. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ndipo akananditukwana mwina ndikanapepukidwa. Koma iye, mawu akutuluka movutikira, anati, "A kapitawo, maliro a mwana wa a Zulu mwaika bwino?" Ndinatuluka kukaima kuseri kwa wodi, kunamizira kuti mkatimo mukutentha.

Kunyumba ndinafotokozera amayi anu zonse. Musawaweruze pa zimene ndilembe apa, chifukwa iwo ndiwo ankaona mmene inu munkadyera ndi kuvalira. "Atate ake Esinati, sainani," anatero. "Mdalayo ana ake anakula. Anuwa ndi asanu, wamng'ono akuyamwa. Adzadya chilungamo?" Ndinati pepalalo silinama. "Ndiye vuto lili pati?" Ndinati silinama, koma silinena zoona. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Aaa, inu mwaganiza kale, mukungofuna wokuvomerezani. Ine sindikuvomerezani ayi. Koma malaya ndikusitirani, musakandichititse manyazi pamaso pa anthu a ku Lusaka."

Lolemba tinakhala mu ofesi: a Sakala, bwana wa ku Lusaka, mkulu wa yuniyoni, ndi insipekitala, mayi wachikulire wa magalasi amene sankadziwa kumwetulira. Lipoti linali pamaso panga, bolopeni ili pambali. Ndinalikankhira pakati pa tebulo n'kuyamba kulankhula. Ndinati a Zulu sananame. Anayankha funso limene ndinkawafunsa tsiku lililonse, pa geti lomwelo, ndi mawu omwewo. Ndinati amene anachita manyazi kufunsa bwino ndi ine, amene sanakwere makwerero ndi ine, amene analamula kuyatsa pampu ndi ine. Mayiyo anafunsa kuti, "Za sitolo ya zida munawafunsa kangati?" Ndinati tsiku lililonse kwa zaka zisanu. "Nanga za paipi ya asidi?" Ndinati kamodzi. Anavula magalasi n'kuyang'ana bwana wa ku Lusaka. "Ndiye kuti pa fakitale pano sipanala ili ndi lamulo loiteteza, koma munthu alibe," anatero. Kenako anapempha kuona shawa ya ngozi. Anakoka tcheni yekha, ndipo munatuluka fumbi ndi mavu awiri. Palibe anaseka.

Chigamulo chinabwera patatha milungu itatu. A Zulu analandira kalata ya chenjezo, ntchito yawo n'kukhalapo. A Sakala anasamutsidwa, ndipo potsanzika sanandipatse chanza. Ine anandivula ukapitawo n'kunditumiza ku Chiparamba kukayeza thonje la alimi pa sikelo. Akulu mwa inu mukukumbukira nyumba ija yodontha, ndi mmene Esinati anabwerezera giredi 7 chifukwa chosintha sukulu pakati pa chaka. Tsopano mwadziwa amene anakutengerani kumeneko.

Zaka ziwiri ku Chiparamba, ndi kubwerera

Ku Chiparamba ntchito inali ya miyezi inayi pa chaka, yotsalayo kunali kuthamangitsa makoswe m'shedi ndi kudziganizira. Sindinama, masiku ena ndinkadzifunsa kuti Mbewe iwe, unafuna kuonetsa chiyani? Amayi anu sananenepo kuti paja ndinakuuzani, ngakhale kamodzi, koma anali ndi kayang'anidwe kena mvula ikayamba kudonthera pa mabuku a ana. Patatha zaka ziwiri maneja watsopano, injiniya wachinyamata, anandiitanitsa. Ankafuna munthu amene anaona ngozi ndi maso ake kuti aziphunzitsa anzake.

Ndinapeza zinthu zitasintha. Swichi ya pampu inali itachotsedwa pansi pa paipi n'kuikidwa kuseri kwa khoma. Polumikizira paliponse panali chophimba. Shawa inkayesedwa m'mawa uliwonse ntchito isanayambe, kapitawo akuona yekha madzi akutuluka. Koma chachikulu chinali loko. Makanika aliyense anali ndi loko yakeyake yolembedwa dzina lake. Asanagwire paipi ankakhoma swichi, kiyi n'kuika m'thumba, ndipo pampu sinkatha kuyaka mpaka mwini wake atachotsa lokoyo. Ntchito iliyonse ya pa asidi inkayamba ndi chikalata chosainidwa ndi anthu awiri, ndipo pomaliza awiriwo ankayenda limodzi kugwira bauti lililonse ndi dzanja. Ine ndinawonjezapo lamulo limodzi limene injiniyayo sanalipeze m'mabuku ake. Ndinati munthu akalandira uthenga wa imfa, apite nthawi yomweyo, asafunsidwe kanthu. Loko yake itsale pomwepo mpaka makanika wina atakwera n'kuona ntchito yonse kuyambira pachiyambi. Ulemu wathu kwa namfedwa sitingausinthe, ndipo sitiyenera kuusintha. Chimene chinafunika n'chakuti moyo wa munthu usadalirenso yankho la munthu amene akulira.

Musaganize kuti anthu anaombera m'manja. Ankati mapepala achuluka, tasanduka makalaliki, ndipo ine ananditcha a Chikalata. Nyengo ya mbewu ikafika, mabwana ena ankayang'ana loko ija ngati mdani. Tsiku lina mmodzi anapitadi kukafuna sowo kuti adule loko ya makanika amene anali atatumidwa m'tauni. Koma maloko ndi masowo ankasungidwa mu sitolo, ndipo wosunga sitolo anali Saidi, amene kampani inamubweza pa ntchito yopepuka atachira. Anangopinda mkono wa malaya, n'kutembenuzira bwanayo mbali yamanzere ya nkhope yake, nati, "Sowo ilipo, bwana. Sainani apa kuti mwatenga ndinu." Bwanayo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi foni yoti akaimbe.

Chimene chinkandipweteka chinali cha a Zulu. Chibwerereni ankandipewa. Ndikadzera uku iwo ankadzera uko, moni wa pakamwa chabe. Sindibisa, ndinakwiya. Ndinkati mumtima, ine ndinataya udindo, ana anga anavutika, mkuluyu ngakhale zikomo wabodza? Sabata yawo yomaliza asanapume ndinawapeza okha akupukuta zida, ndipo ndinalephera kudzigwira. "Atate, ndinakulakwirani chiyani?" Anapitiriza kupukuta. "Munandilanda chilango changa, a Mbewe," anatero. "Nditabwera ku maliro ndinapita kwa a Sakala kukapempha kuti andichotse. Anati mwachedwa, Mbewe wanena kale zonse. Akanandichotsa ndikanapita kumudzi n'kumati zanga ndalandira. Koma inu munandisiya pano. M'mawa uliwonse ndimalandira loko kuchokera m'dzanja limene ndinatentha, mwini wake n'kumati mwauka bwanji atate, akumwetulira ndi theka la nkhope. Mukuganiza kuti n'chopepuka?" Ndinati si inu nokha, tinamutentha tonse: ine, inu, a Sakala, ndi a ku Lusaka amene ankati dikirani. "Ndikudziwa," anatero. "Mutu ukudziwa. Koma anamasula mabauti ndi manja awa." Ndinatola nsanza ina n'kukhala pansi, ndipo tinapukuta zidazo limodzi mpaka belu linalira.

Nditapuma ntchito

Ndinagwirabe zaka zina zambiri, ndipo sindinanyamulenso munthu wopsa pa miyendo yanga. Mpando uja woyang'anira fakitale yonse sindinaukhalepo. Anakhalapo ena, ena abwino, ena ayi. Mpaka lero sindidziwa ngati a Zulu ndinawathandiza kapena ndinawasenzetsa katundu wina. Chimene ndikudziwa n'chakuti anabwerera ku Mtenguleni ndi kalata yoyera ndi penshoni yawo, nakhoma malata pa nyumba, nalera ana awiri amene Neliya anasiya. Koma mphekesera sizipuma ntchito, ndipo kumudziko analipo ena amene ankanong'onabe kuti mkulu uja ku Chipata anatentha munthu.

Anamwalira atakalamba ndithu, nyengo ya zokolola. Uthenga utandipeza ndinadzera pa msika kukauza Saidi, amene tsopano ndi wa imvi ndipo amayendetsa shopu ya nsalu ya atate ake. Anatseka shopu pomwepo, makasitomala ali pakhomo, ndipo tinakwera minibasi imodzi. Kumanda, abusa atamaliza, adzukulu okumba manda anayamba kukwirira. Saidi anatuluka m'gulu, chisoti chake choyera chili kumutu, napempha fosholo. Adzukuluwo anayang'ana mlendoyo, nayang'ana mkono wake wopindika, ndipo mmodzi anati mwaulemu, "Pumulani, akulu, tigwira ife." Kumbuyo kwanga ndinamva kunong'ona: kodi si uja anapsa? Wadzatani? Saidi anamva. Anatembenuka kuti onse aone nkhope yake bwino, nalankhula mokweza. "Inde, ndine amene munamva kuti anapsa. Inali ngozi ya kuntchito, ndipo akuluwa sananamepo kwa munthu. Ndabwera kudzaika atate anga." Anamupatsa fosholo. Dzanja lamanzere silinkagwira bwino, dothi linkatayikira pambali, ntchito ya kanthawi kochepa inatenga nthawi yaitali dzuwa likuswa mtengo, koma palibe anamulanda. Anakwirira mpaka dothi linafika pamwamba. Kenako anabweza fosholo, nasasa fumbi pa malaya, nabwera pamene ndinaima ine ndikupukuta m'maso. "A kapitawo, tiyeni tikapepese amayi, akazi a malemu," anatero, "minibasi yomaliza ingatisiye."